A Chimfine ndi Hedi ya Vani ya Mazira

Malemu a Chimfine sankakhulupirira kuti kufakitale kuli munthu amene anamalizapo ntchito. Ankati injini iliyonse imachoka kumeneko mphuno zili zotseka, chifukwa belu loweruka limalira anthu asanamalize, ndiye amangopukuta m'manja n'kumapita kwawo. Galimoto ikaima pakhomo pa galaja yawo, kaya yatsopano yonunkhira pulasitiki, kaya yakale yomangidwa ndi mawaya, iwo ankapendeketsa mutu, kumvetsera pang'ono, n'kunena kuti ili ndi chimfine. Dzina linachokera pamenepo. La makolo awo linatsala pa chiphaso pokha, ndipo akazi awo, amene sanalakwire munthu, anakhala Mayi Chimfine mpaka lero.

Kwa amene sanatsegulepo boneti, nkhani yake ili chonchi. Pamwamba pa injini pamakhala chitsulo cholemera chimene amakaniko amati hedi. M'kati mwake muli njira zokhotakhota. Zina zimalowetsa mpweya ndi mafuta, zina zimatulutsa utsi, ndipo mavavu ndiwo zitseko zake. Njira zimenezi a Chimfine ankazitcha mphuno. Kufakitale hedi amaiumba pothira chitsulo chosungunula m'chikombole, ndiye m'njiramo mumatsala misoko, malo okhakhala ndi makona osafunika. Mpweya ukamadutsa umapunthwa. Ntchito imene a Chimfine anadzipatsa inali yochotsa zopunthwitsazo. Mabuleki ndi magetsi ankakonza monyinyirika, ngati munthu wodzutsidwa kutulo. Koma akaona hedi pa benchi, nkhope inkasintha.

Chida chawo chachikulu chinali chala cholozera cha kumanja. Ankachilowetsa m'bowo, kutsinzina, n'kuyamba kuuza anthu tsiku limene hediyo inaumbidwa. Iyi ndi ya Lolemba m'mawa, woumba anali ndi matsire. Iyi ndi ya Lachisanu, maganizo anali kale kunyumba. Chalacho chinali chakuda mpaka pa mfundo yachiwiri, ndipo sopo anachilephera kalekale. Chinazolowera mabowo mwakuti chinkapita chokha. Akamacheza ndi munthu, chala chinkapezeka chili m'kamwa mwa botolo kapena m'paipi ya mpando. Ana ang'onoang'ono akawaona akubwera ankaphimba mphuno zawo.

Chala chikamaliza kufufuza, ankatenga kamakina kopera kamene kankalira ngati udzudzu waukulu, ndi matupa ang'onoang'ono amene anawapinda okha pamoto. Njira za utsi ankazisalaza mpaka munthu kudziona mano. Za mpweya ankazisiya zokhakhala pang'ono, amvekere mafuta akapeza posalala amagona m'malo mosakanikirana ndi mpweya. Pomaliza pankakhala mayeso. Iwo sankasuta, choncho ankaitana wometa wa khomo loyandikana, munthu wa ndudu kukamwa kuyambira m'mawa. Wometayo ankasiya kasitomala pampando, kubwera kudzauzira utsi m'bowo, a Chimfine atagwada mbali inayo ndi tochi kuona mmene utsiwo ukukhotera. Amuna a mumsewu umenewo anazolowera kudikira mutu uli wometedwa mbali imodzi. Dokotala atamuletsa fodya wometa uja, a Chimfine anasiya kumupatsa moni. Ankati munthu sasiya ntchito ya anthu awiri osafunsa mnzake. Kenako anayamba kuba ulusi m'dengu la akazi awo, kuumangirira ku kawaya, n'kumaona mmene ukuvinira m'bowo feni yakale ikamakoka mpweya.

Choipa chake n'choti zinkagwira. Matakisi ankatuluka m'galaja muja akulankhula mawu ena. Mwini galimoto yonyamula maliro anabwera ndi vuto la hutala basi, n'kupita kukadya, pobwera anapeza hedi ili pa benchi. Maliro otsatira, anthu olira anafika kumanda n'kupeza bokosi likuwadikira, dalaivala atakhala pamthunzi akuwerenga nyuzipepala. Mwini galimotoyo anabwera kudzadandaula. A Chimfine anamufunsa ngati wonyamulidwayo wadandaula.

Kunyumba nako sikunapulumuke. Tsiku lina Mayi Chimfine atapita kumsika, bambo anasuzumira m'mlomo wa tipoti n'kupezamo msoko wa kufakitale. Mayi pobwera anapeza tipoti yotsukidwa bwino ili pa tebulo, mwamuna akumwetulira ngati wakhoza mayeso. Madzulo kunabwera mlendo. Mayi atapendeketsa tipoti pang'ono, tiyi analumpha kapu, kulumpha mbale ya shuga, n'kukatera pa miyendo ya mlendoyo. A Chimfine anati tipoti ilibe mlandu, kapu ndiyo inali pafupi kwambiri. Kuyambira pamenepo m'nyumba muja kapu ankaiika kumapeto kwa tebulo. Mayi anabisa fanelo, ndipo mpopi wa kukhitchini anaukulunga nsalu ngati chala chovulala kuti bambo asauone kukamwa.

Mumsewu wonse, munthu mmodzi yekha ndiye sankawapatsa makiyi. Anali mlamu wawo, mlongo wa Mayi Chimfine, amene aliyense ankamutcha Wamazira. Anali munthu wa mawu ochepa, woyenda pang'onopang'ono, wotseka chitseko ngati m'chipindamo muli khanda logona. M'mawa uliwonse ankadzaza mathireyi a mazira m'vani yake yoyera n'kukapereka m'masitolo. Pa boneti ya vaniyo anawotcherapo zitsulo ziwiri n'kuikapo loko yaikulu. Akuba sankawaopa. Lokoyo inali ya mlamu wake.

Chifukwa chake chinali chakale. A Chimfine ali mnyamata, akufunsira mlongo wakeyo, Wamazira anali ndi kagalimoto kake koyamba, ndipo ndi komwe kanayenera kunyamula mkwatibwi tsiku la ukwati. Mkwati anakabwereka akuti akakatsuke. Anakatsukadi, koma anachotsanso hedi, kufuna kuonetsa banja la mkazi kuti latenga munthu. Tsono kuseri kwa njira za mpweya kumadutsa njira za madzi oziziritsa injini, ndipo khoma la pakati pena limakhala lopyapyala. Mnyamata wa chikondi m'mutu anapera mopitiriza, n'kusiya khoma ngati chigoba cha dzira. Tsiku la ukwati, Wamazira ali pa chiwongolero, mkwatibwi ali kumbuyo, khomalo linabooka pakati pa njira. Madzi analowa m'silinda, mmene mafuta amayakira. Kagalimoto kanatulutsa nthunzi ngati ketulo n'kuima. Mkwatibwi anamaliza ulendo wapansi, nsapato zili m'manja, diresi atalinyamula m'mawondo.

Ukwati utatha, Wamazira anamukokera mkwati pambali.

"Alamu, mlongo wanga tengani. Galimoto yanga simudzaigwiranso."

Kagalimotoko sikanayendenso. Kanakhala kuseri kwa nyumba mpaka nkhuku zinayamba kuikira pa mipando yake, ndipo bizinesi ya mazira inayambira pamenepo. A Chimfine sankalephera kukumbutsa zimenezi. Ankati popanda tupa lawo, mlamu wawo akanakhala munthu wamba wopanda dzina.

Zaka zinapita, ana anabadwa n'kukula, tsitsi linayera. Alamu awiriwa ankagwirizana pa zonse. Ankadyera limodzi Lamlungu lililonse, ankathandizana pa matenda ndi pa sukulu za ana. Koma Wamazira akabwera kudzadya, vani ankaiimika poti aziiona pawindo, ndipo ankakhala mpando woyang'ana kunja. A Chimfine anayesa njira zonse. Anayesa kuiyamikira. Anayesa kuimvera chisoni. Anatuma akazi awo, amene anabwerako n'kunena kuti asawatumenso. Nthawi ina Wamazira anapeza kansalu kominira katapindidwa bwino pa galasi la kutsogolo.

"Mukuimva mmene ikupumira, alamu? Ngati munthu amene wagonera pilo kumaso."

"Mazira safuna kuthamanga."

"Sindikunena zothamanga. Ndikunena zopuma."

"Ipume choncho. Inenso ndimapuma choncho."

Vani ikafuna makaniko, Wamazira ankapita nayo ku galaja ina ya kutsidya kwa njanji, chipewa atachitsitsa kumaso ngati munthu wopita kwa chibwenzi chamseri. A Chimfine ankadziwa. Ankangoyang'ana mabauti a matayala n'kunena kuti dzanja la kutsidya lija silinasinthe, likadamangabe ngati likulanga munthu.

Chimene chinabweretsa nkhani ndi chitunda. Makasitomala aakulu a Wamazira anali kumtunda kwa tawuni, ndipo wamkulu mwa onse anali wophika buledi ndi makeke, amene ankatenga pafupifupi theka la katundu. Msewu wopita kumeneko unali wokwera, wokhota pakati. Vani ili yatsopano inkakwera pa giya yachiwiri. Itakula inayamba kupempha yoyamba. Kenako yoyamba nayo inayamba kugonja pa khona paja, ndipo Wamazira anatulukira kuti giya yobwerera m'mbuyo ili ndi mphamvu kuposa zonse. Ndiye m'mawa uliwonse ankatembenuza vani m'munsi mwa chitunda n'kukwera chafutambuyo, mutu atautulutsa pawindo, khosi litapotoka. Eni masitolo ankatuluka kudzaonerera, makapu ali m'manja. Mazira ankafika amphumphu, koma mochedwa. Wophika buledi anamuuza mwaulemu kuti amamukonda, koma uvuni sudikira munthu, ndipo kuli wina wa lole amene wakhala akufunsira malowo.

Posakhalitsa vani inatsokomola pakati pa chitunda n'kuzima. Wamazira atasolola kachitsulo koyezera oyilo anapeza oyiloyo wasanduka ngati tiyi wamkaka. Makaniko wa kutsidya anatsegula n'kupeza gasiketi yomata hedi ku injini yapsa, mavavu adyeka, hedi yapindika pang'ono. Anati zimenezo akonza. Koma ananenanso ziwiri. Choyamba, hedi ya mtundu umenewo inasiya kupangidwa, ndipo iye wafunsa m'malo onse ogulitsa zitsulo zakale, palibe ngakhale imodzi. Imene ilipoyo ikawonongeka, vani yatha. Chachiwiri, akamaliza kukonza, vani idzayenda, koma chitunda chija mwina idzakwerabe chafutambuyo. Kuti ikwere ngati galimoto ya munthu, iyenera kupuma bwino, ndipo ntchito imeneyo si yake.

Wamazira anafunsa kuti ndi ya ndani.

"Mukumudziwa, bambo. Mumadya naye Lamlungu."

Nthawi imeneyo n'kuti a Chimfine atayamba kudwala. Fumbi la chitsulo limene anapuma moyo wawo wonse linali litakhazikika m'chifuwa. Akamayenda kuchoka pa benchi kufika pakhomo ankaima panjira, mpweya ukulira ngati wenzulo. Manja ankanjenjemera mwakuti supuni inkaimba m'kapu. Wamazira anaziwerengera yekha. Hedi ndi imodzi. Khoma ndi lopyapyala. Munthu amene analiboola ali ndi manja a mnyamata, lero manja ake akuvina. Hedi ikabooka, vani yapita, wophika buledi wapita, ndipo iye pa msinkhu wake sangayambenso.

Anapita kwa mlongo wake n'kumupeza kukhitchini. Analankhula za mvula, za mtengo wa chakudya cha nkhuku, za bondo lake. Mayi Chimfine anamusiya amalize, kenako anatseka mpopi.

"Achimwene, amene ndinayenda pansi ndi diresi loyera ndine. Ndinafika. Inu simunafikebe."

Wamazira anayang'ana nsalu ya pampopi.

Mayi anamuuza kuti adokotala anena kale, bambowa sakhalitsa. Koma anamuchenjeza kuti asawapatse hediyo chifukwa cha chisoni, poti adzadziwa, ndipo adzakana. Ngati akuwapatsa, awapatse chifukwa vani sikukwera.

"Sikukweradi, achemwali."

"Ndiye mukudikira chiyani m'khitchini mwanga?"

Makaniko wa kutsidya atawongola hedi, Wamazira anaitenga mavavu asanabwezeretsedwe. Anaiika mu wilibala, pansi atayala mathireyi a mazira opanda kanthu, pamwamba atafunditsa thumba. Anadutsa nayo mumsewu masanasana. Wometa anatuluka lumo lili m'manja, kasitomala akumutsatira nsalu ili m'khosi. 

A Chimfine anali pa kampando kawo pakhomo. Anayang'ana wilibala, kuyang'ana mlamu wawo. Wamazira anali atakonzekera kunyozedwa, ndipo mayankho anali nawo. Koma iwo anangodzuka, kupita pa mpopi wa kuseri n'kusamba m'manja ndi sopo. Chala sichinasinthe mtundu. Anathandizana kuika hedi pa benchi. A Chimfine analowetsa chalacho m'bowo loyamba n'kutsinzina nthawi yaitali.

"Lachisanu," anatero. "Madzulo."

Kenako anamutuma Wamazira akachotse lona lakale limene linaphimba shelefu ya kukona. Pa shelefupo panali mahedi odulidwa ndi sowo, zidutswazidutswa ngati buledi, njira zonse za m'kati zikuoneka. Modutsa madzi munali mopakidwa penti yabuluu. A Chimfine anati chichitikire za ukwati zija, sanaperenso hedi asanadule ina yakufa ya mtundu womwewo kuti aone ndi maso pamene khoma lili lopyapyala. Wamazira ananyamula chidutswa chimodzi, kuchitembenuza, kunyamula china. Zonse za pa shelefu yapakati zinali za mtundu umodzi. Zinali za vani yake.

"Alamu, dziko lonse likusaka hedi imeneyi. Ndiye ndinu munazimaliza?"

"Zinali zakufa kale."

"Zonse?"

"Zambiri mwa izo."

Wamazira anakhala pansi pa chigubu cha oyilo. Ananena zimene anabwera nazo. Iye sakufuna galimoto yothamanga, sakufuna yodumpha ponyamuka, sakufuna kufika kumtunda asanaganize zopitako ngati anthu a maliro aja. A Chimfine anapukusa mutu. Anati ali mnyamata ankayesa bowo lalikulu ndiye mphamvu, ndipo n'zimene zinayendetsa mkazi wawo pansi. Njira ikatakata kwambiri mpweya umachita ulesi, injini imadzuka pokhapokha ikamalira mokweza. Zimenezo n'za anyamata a mpikisano. Pa hedi iyi sakulitsa kalikonse. Achotsa msoko wa pansi pa vavu, afewetsa khona lakuthwa limene mpweya umalephera kukhota, alinganiza kamwa la bowo ndi gasiketi, basi. Idzakoka kuyambira pansi, mwaulemu, ngati ng'ombe yokhuta.

"Iyi ndi ya mazira. Ndakhala ndikuipera m'mutu chigulireni vaniyo."

Anayatsa kamakina kaja. Kanalira, kananjenjemera, dzanja nalo linanjenjemera kwake. Anakayandikiza pa bowo, kukabweza, kukayandikizanso. Kenako anakazimitsa n'kukaika m'dirowa. Anatenga tupa lopindika ndi kamtengo kokulungidwa sandipepa. Anati mumsewu wonse muno munthu wa manja odekha ndi mmodzi, amene wakalamba akunyamula mazira. Agwire apa. Anamupatsa dzanja lawo.

Ndi mmene ntchito inayendera. A Chimfine ankagwira tupa, Wamazira ankagwira mkono wa a Chimfine. Mmodzi ankadziwa kopita, winayo ankaletsa kunjenjemera. Ankapala pang'ono, kuima, kulowetsa chala, kuyerekeza ndi chidutswa cha pa shelefu, kupuma, kuyambanso. Wometa ankabwera kudzagwira kawaya ka ulusi, ndipo moni anabwerera osakambirana. Mayi Chimfine ankabweretsa tiyi n'kuthira ataima patali.

M'mawa mazira ankafunikabe kupita. Amene anathandiza ndi mwini galimoto ya maliro uja. Mazira sanafikepo msanga chotero. Koma wophika buledi anati makasitomala ake akuona galimoto imeneyo pakhomo m'mawa uliwonse ndipo ayamba kufunsa kuti m'makeke mukulowa chiyani. Anapempha kuti vani ibwerere msanga, apo ayi aitana wa lole uja.

Ali pa silinda yachiwiri, pa khona loopsa la khoma lopyapyala lija, Wamazira anaona dontho la madzi likunyezimira m'kati mwa bowo. Anasiya mkono.  Anaona nthunzi, anaona mlongo wake ndi nsapato m'manja, anaona nkhuku zikuikira m'vani. Analoza ndi chala. A Chimfine anasuzumira, kugwira dontholo, kulilawa.

"Hedi ili pa benchi, alamu. Mulibe madzi umu. Ili ndi thukuta lanu, lagwa pamphuno."

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, ndipo tsiku limenelo ntchito inathera pomwepo.

Injini ya vani inali ya masilinda anayi. Anamaliza yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Ulusi unkalowa m'mabowo mowongoka, osavina. Atafika pa yachinayi, a Chimfine analowetsa chala n'kunena kuti iyi ndiye yoipitsitsa, woumba anali atavala kale jekete. Anapukuta tupa n'kuliika pambali pa hedi. Anati mawa.

Mawa lake anagonekedwa m'chipatala. Wamazira atapita kukawaona anawapeza atachotsa kapaipi ka mpweya kamene anamwino anawaika m'mphuno, akukayang'anitsitsa cha kuwindo. Anamuonetsa kamsoko ka pulasitiki m'kamwa mwake. Anati ngakhale ka odwala sanamalize. Namwino anabwera kudzakabwezera n'kuwaopseza kuti awamanga manja. Iye atachoka, anamukodola Wamazira kuti ayandikire. Mawu ankatuluka awiriawiri. Anati wa kutsidya uja ndi munthu wabwino, mavavu aika bwino, koma adzafuna kumaliza yachinayi, ndipo adzaikulitsa.

"Musamulole. Bola ikhale ya kufakitale."

Wamazira anati pa zaka zonse zimene wawadziwa, aka n'koyamba kumva akuikira kumbuyo fakitale. A Chimfine anati asauze munthu.

Anamwalira sabata yomweyo, masana, akazi awo ali pambali. Anawanyamula pa galimoto ya maliro yomwe ija. Dalaivala akuti njira yonse phazi linali pa buleki, komabe anafika kumanda anthu asanafike.

Makaniko wa kutsidya anaika mavavu atsopano n'kumanga hedi. Anayang'ana mabowo atatu aja nthawi yaitali, kenako anati atha kuyesa kutengera kuti yachinayi ifanane ndi zinzake. Wamazira anati amange momwemo. Makaniko anati si bwino masilinda kusiyana kapumidwe. Wamazira anati ana a munthu mmodzi nawo safanana, amange.

M'mawa wotsatira anadzaza mathireyi mpaka kudenga. Atafika m'munsi mwa chitunda dzanja linapita lokha ku giya yobwerera m'mbuyo. Analibweza. Anaika yoyamba n'kunyamuka. Vani sinadumphe. Inangotsamira pa chitundacho n'kuyamba kukoka. Pa khona paja, pamene kale inkatsokomola, inalira ngati ikufunsa ngati pali china. Wamazira anaika yachiwiri. Eni masitolo anatuluka ndi makapu awo n'kuima kukamwa kuli yasa. Wophika buledi anaiona ikubwera ndipo sanaizindikire, poti anali ataiwala mmene imaonekera kumaso. Anatsitsa mathireyi onse. Dzira losweka panalibe. Nkhani ya wa lole sinamvekenso.

Galaja ija pano muli munthu wogulitsa mafoni. Benchi anaichotsa, koma pansi pakadali madontho a oyilo amene penti yawalephera. Udzudzu wa kamakina kopera uja suliranso. Wometa amayamba mutu n'kuumaliza ulendo umodzi, ndipo makasitomala akale amati akumeta mofulumira ngati akuwathamangitsa. Magalimoto amadutsa mumsewu muja ndi zimfine zawo, popanda wowauza. Mayi Chimfine anachotsa nsalu ya pampopi. Ana anawagulira tipoti yatsopano, koma ili m'kabati. Amathirabe ndi yakale, kapu ili kumapeto kwa tebulo, ndipo saphonya.

Amakaniko amati kusiyana kwa silinda yachinayi sikungamveke ndi khutu la munthu. Wamazira satsutsana nawo. Koma akaima pamwamba pa chitunda injini ikulira pang'onopang'ono, amapendeketsa mutu n'kumvetsera. Amati masilinda atatu amapuma ngati anthu, imodzi ikadali ndi chimfine, ndipo ikhala nacho.

Lamlungu amapitabe kukadya kwa mlongo wake. Vani amaiimika pomwe paja, ndipo amakhala mpando womwe uja woyang'ana kunja. Loko anaichotsa. Pa boneti panatsala zitsulo ziwiri zija, ndipo anthu osadziwa amafunsa ngati kuderako kuli akuba.

"Analipo mmodzi," amatero Wamazira.